Sitolo ya khonde lalitali pamsewu wa Dedza ndi Ntcheu

Pamsewu wa M1, pakati pa Dedza ndi Ntcheu, pamene msewuwo umayenda m'malire enieni a dziko lathu ndi Mozambique, pali misika ingapo yotchuka ndi kachewere, kabichi, anyezi ndi tomato, ndipo pa umodzi mwa misika imeneyi pali sitolo yakale imene ndimagulako zinthu ndikakhala kumudzi. Sinditchula dzina lake chifukwa mwini wake ndi bambo wachikulire amene sanapemphe kuti alembedwe pena paliponse, komanso dzina limene linalembedwa pakhoma linafufutika kalekale moti anthu amangoitchula ndi mfunda wa mwini wakeyo. Maganizo anga pa sitoloyi ndi akuti si yotsika mitengo kuposa zinzake, katundu wake si wochuluka, ndipo wogula wapachangu imamutopetsa, koma ndi malo okhawo m'dera lonselo kumene wogulitsa amavomera kuyankhapo pa chinthu chimene wakugulitsa, ngakhale patapita miyezi.

Nyumba yake ndi ya njerwa zootcha ndi malata amene dzimbiri linawasandutsa ofiira. Kutsogolo kuli khonde lalitali la nsanamira zanjerwa, zitseko ziwiri zamatabwa zimene amatseka ndi mpiringidzo wachitsulo, ndipo kuseri kuli zipinda zogona. Aliyense amene anakulira pafupi ndi msika wakale akudziwa kuti kamangidwe kameneka ndi ka masitolo a amwenye. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Kamuzu Banda linalamula kuti amwenye achoke m'madera akumidzi, ndipo pofika mu 1978 malonda awo anali atatsala m'mizinda ikuluikulu yokha. Cholinga chinali chakuti Amalawi atenge malondawo, ndipo masitolo a Chipiku anatsegulidwa kuti eni magolosale atsopanowo azipikulako katundu pafupi. Ambiri mwa iwo sanakhalitse chifukwa analibe mpamba wokwanira ndiponso achibale ankangotenga katundu osalipira, n'chifukwa chake m'misika yambiri muli mizere ya nyumba zoterezi zimene zinasanduka mosungira mbuzi, moonetsera kanema kapena mopempherera. Sitolo ino ndi imodzi mwa zochepa zimene zinapitirira, ndipo mwini wake anayamba ngati mnyamata wothandiza kuseri kwa kauntala yomweyi asanaitenge.

Mukalowa mumakumana ndi fungo la sopo, palafini ndi nsalu zatsopano, zonse pamodzi. Kauntala ndi yathabwa lochindikala lomwe linasalala ndi zigongono za anthu, ndipo m'mphepete mwake anakhomerera ndodo yoyezera nsalu. Mashelefu amafika mpaka kudenga, ndipo kasanjidwe kake sikanasinthe kuyambira ndili mwana: kumanzere kuli zakudya monga shuga, mchere, masamba a tiyi a Chombe, Sobo, mafuta ophikira ndi mpunga, pakati pali sopo, machesi, makandulo, mabatire, ulusi, singano ndi makope a ana asukulu, kumanja kuli zitenje, mabulangete, mapoto, ndowa, makasu, zikwanje, misomali ndi zipangizo za njinga. Wogula satola yekha katundu. Amaima kutsogolo kwa kauntala n'kunena chimene akufuna, ndipo zinthu zapamwamba amazitsitsa ndi ndodo yokhala ndi ngowe. Amene anazolowera kukankha kangolo m'masitolo a m'tauni amaona ngati akumanidwa ufulu, koma ubwino wonse wa sitoloyi wagona pomwepo, chifukwa chilichonse chimadutsa m'manja mwa munthu amene akuchidziwa.

Ndinaona mayi wina akufuna poto wamkulu wophikira nsima, ndipo analoza poto wonyezimira amene anali wokwera mtengo kuposa onse. Mwini sitolo anamutsitsa, anamugogoda pansi ndi chala, kenaka anatsitsa wina wosaoneka bwino n'kumugogodanso kuti mayiyo amve kusiyana kwa kulira kwake. Anawauza kuti, "Mayi, uyu ndi wapambaula ya makala kapena pamagetsi, inu mumaphika pamafuwa, ndiye miyezi iwiri sikwana asanapindike. Tengani uyu." Mayiyo anatenga wotsika mtengoyo, ndipo sitolo inataya phindu limene linali litabwera lokha. Zomwezo zimachitika pa khasu: amalikweza, amaliyang'ana pamsomali pake, amafunsa ngati munda wanu ndi wakudimba kapena wakumtunda kwa miyala, ndiponso ngati wolimayo ndi munthu wamkulu kapena mwana. Misomali amayeza pasikelo ya miyala yachitsulo imene wogula amaiona ndi maso ake, ndipo mukamuuza kukula kwa denga limene mukufolera amakuuzani kuchuluka kwa misomali imene ikufunika, osati imene iye akufuna kugulitsa. Chinthu chikakhala chosalimba amanena poyera kuti ndi chongopusitsira maso, ndipo kuti wachisunga chifukwa alipo ena amene ndalama zawo zimathera pomwepo.

Kubweza katundu n'kololedwa, ngakhale palibe lisiti limene limaperekedwa. Tochi ikafa sabata yomweyo, kapena loko akakana kutseguka, mumangobwera naye ndipo amakusinthirani, chifukwa amakumbukira kuti munagula kwa iye ndiponso tsiku limene munagula. M'masitolo ena aakulu amene ndagulako m'tauni, chinthu choterechi chimafuna lisiti, siginecha ya bwana amene nthawi zambiri watuluka, ndi ulendo wachiwiri wa minibasi umene mtengo wake umaposa wa chinthucho. Sindikuimba mlandu anyamata ndi atsikana ogwira ntchito m'masitolo amenewo, pakuti sanapatsidwe mphamvu yoweruza kanthu, ndipo ambiri amasinthidwa asanadziwe n'komwe katundu amene akugulitsa.

Malonda m'sitolo muno sayamba moni asanathe. Bambo akalowa amamva "Wawa" monga mwa chizolowezi cha anthu a kuno, mayi amafunsidwa za ana ndi za kumunda, ndipo amene anali ndi matenda pakhomo amafunsidwa mmene wodwalayo wadzukira. Mwana wotumidwa, amene wabwera ndi ndalama yomangidwa pakansalu ndipo waiwala theka la zimene anamutuma, samubweza. Mwini sitolo amamufunsa kuti, "Iwe, amako anati sopo wochapira kapena wosambira?" ndipo mwanayo akangoti kukamwa yasa, iye amapereka sopo amene mayi a mwanayo amagula nthawi zonse, n'kumanga chenji pakansalu pomwepo. Basera ikadalipo, ngakhale yachepa poyerekeza ndi kale: kamchere kowonjezera pamwamba pa muyezo, misomali iwiri kapena itatu, switi ya mwana amene wadikira nthawi yaitali. Chimene sachita, ndipo ndimamuyamikira nacho, ndi kupereka maswiti m'malo mwa chenji monga amachitira ena ponamizira kusowa kwa ndalama zing'onozing'ono. Akasowa chenji amalemba m'kope kuti sitolo ili ndi ngongole kwa inu, ndipo amakukumbutsani yekha ulendo wotsatira.

Kope limeneli ndilo mtima wa sitoloyi. M'magolosale ambiri masiku ano mumapeza chikwangwani chonena kuti ngongole ndi mawa, koma muno muli kope lachikuto cholimba lomwe banja lililonse lodziwika lili ndi tsamba lake. Aphunzitsi ndi ogwira ntchito pachipatala amalipira mwezi ukatha, alimi amalipira akakumba kachewere kapena akagulitsa nyemba, ndipo nkhalamba zimene zili ndi ana ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Johannesburg zimalipira ndalama zikatumizidwa. Palibe chikole, palibe chiwongoladzanja, ndipo sindinamvepo akutchula ngongole ya munthu pamaso pa anthu ena. Wochedwa kulipira amamuitanira kumapeto kwa kauntala n'kulankhula naye motsitsa mawu. Miyezi ya January ndi February, pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, masamba a kopelo amadzaza, ndipo mwini wake amadziwa kuti ndalama zimenezo adzaziona mu May kapena June.

Ntchito yaikulu ya kopeli imaoneka pa maliro. Munthu akamwalira usiku, achibale amagogoda pakhomo la kuseri, ndipo mwini sitolo amadzuka, kuyatsa nyali, n'kuyeza nsalu, misomali ya bokosi, makandulo, shuga ndi mchere popanda kufunsa za ndalama. Amangolemba, ndipo nkhani ya malipiro imadzakambidwa maliro atatha, chipepeso chitawerengedwa. Anthu a kuno amaikumbukira ntchito imeneyi kuposa malonda ena onse, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi chifukwa chake mabanja ena amapitirizabe kugula muno ngakhale akudziwa kuti patsidya pa msewu shuga ndi wotsikirako.

Komabe kope limeneli lavulala kwambiri m'zaka zaposachedwapa, ndipo wogula watsopano ayenera kudziwa mmene likuyendera tsopano. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo kumene amapikula katundu inayamba kusintha sabata ndi sabata. Munthu amene anatenga mafuta ophikira pangongole n'kudzalipira patapita miyezi inayi ankabweza ndalama imene sikanathanso kugula botolo lomwelo, kotero kuti wogulitsa wachifundo ankadya mpamba wake womwe. Mwini sitoloyi anasintha kalembedwe: m'malo molemba ndalama, tsopano amalemba katunduyo, monga mapaketi awiri a shuga kapena botolo limodzi la mafuta, ndipo wobweza amalipira mtengo wa tsiku limene akubwezalo. Ena anadandaula kuti kumeneko n'kukongoza kwa katapira kobisika. Ine sindikugwirizana nawo, chifukwa iye sawonjezera kanthu pamwamba pa mtengo umene wina aliyense akugulira tsiku limenelo, ndipo njira ina imene inatsala inali kutseka kopelo monga anachitira anzake. Chimene ndingadandaule n'chakuti lamuloli silinalembedwe pena paliponse, ndipo munthu amene sanafunse amadzalidziwa tsiku lolipira.

Pamene shuga anasowa m'dziko muno mu 2024, ngakhale kuti amapangidwa konkuno ku Nchalo, ku Dwangwa ndi ku Salima, ogulitsa ambiri ankamubisa kapena kukakamiza wogula kuti atengenso katundu wina asanamugulitse paketi imodzi. M'sitolo muno shuga akapezeka ankagawidwa paketi imodzi pabanja, ndipo mwini wake ankasungira nkhalamba ndi mabanja a ana aang'ono amene sakanatha kulimbirana pamzere. Izi zinali zabwino kwa ife odziwika, koma munthu wapaulendo amene anaima kuti agule anauzidwa kuti shuga watha pamene mapaketi anali kuseri kwa kauntala. Apa ndi pamene ubwino wa sitolo yotere umaonetsa malire ake: umagwira ntchito kwa amene akudziwika, ndipo mlendo amalandira ulemu ndi moni wokwanira koma osati zonse.

Zofooka zina n'zoonekeratu. Mitengo siinalembedwe pa katundu, ndipo ngakhale sindinaonepo akusintha mtengo poyang'ana nkhope kapena zovala za munthu, wogula amayenera kufunsa chinthu chilichonse, zomwe zimachititsa manyazi munthu amene ndalama zake n'zowerengeka ndipo kumbuyo kwake kuli anthu akumvetsera. Pa shuga, sopo ndi mafuta, mitengo yake imakhala yokwererako pang'ono kuposa ya m'masitolo opikulitsa amene anatsegulidwa pamsika pomwepo, chifukwa iye amapikula pang'onopang'ono ndipo sangapikisane ndi amene amatsitsa lole yathunthu. Katundu amene sayenda msanga, monga zakudya za m'zitini, mabisiketi ndi mkaka waufa, amakhalitsa pashelefu, choncho ndi bwino kuyang'ana tsiku lothera ntchito musanalipire; mukamuonetsa kuti tsiku lapitirira sakangana nanu, koma maso ake sakuonanso bwino zilembo zing'onozing'ono ndipo m'sitolomo ndi mwamdima. Salandira ndalama za pafoni, kaya Airtel Money kaya TNM Mpamba, ndipo amakutumizani kwa wothandizira amene ali panja kuti mukatape kaye, zomwe zimakudyerani kandalama kena.

Nkhani ya nthawi ndiyo imakwiyitsa achinyamata. Mzere wa muno sutsata amene wafika poyamba koma msinkhu, moti gogo akalowa amathandizidwa nthawi yomweyo, ndipo ngati ali ndi nkhani ya ng'ombe yake yodwala, nonse mumaimva mpaka kumapeto. Palinso vuto lakuti chinsinsi n'chochepa. Chilichonse chimene mukugula mumachitchula mokweza, ndipo pakhonde pamakhala abambo osewera bawo amene makutu awo sali pa bawo pokha. Atsikana ndi amayi amene akufuna zinthu zawo za kumwezi amadikira kuti mayi a pakhomopo ndiwo akhale kuseri kwa kauntala, apo ayi amapita ku okala ya patali kumene sakudziwika. Pa nkhani iyi sitolo yodzitengera wekha ili ndi ubwino umene sitingaukane.

Tikamalakalaka masitolo akale tiyeneranso kukumbukira kuti si onse amene anali aulemu. Akuluakulu amene anakhalako m'nthawi ya atsamunda amasimba za masitolo ena a azungu m'tauni kumene munthu wakuda ankagulira pawindo, osaloledwa kulowa pakhomo. Mayina monga Mandala ndi Kandodo amatchulidwa lero mwachikondi, ndipo m'badwo wathu umakumbukira PTC, imene inayamba mu 1973 ndipo inafika m'maboma ambiri, ngati malo amene mwana ankalowamo atasamba ndi kuvala bwino pa Khirisimasi. Koma amenewo anali makampani, ndipo chimene anthu amachisowa kwenikweni akamanena za kale si dzina la kampani ayi, koma munthu wodziwika amene ankaima kuseri kwa kauntala chaka ndi chaka, amene mukanatha kumupeza kutchalitchi, kumaliro ndi kudimba, ndipo sakanatha kukugulitsani chinthu chowola chifukwa mawa lake akanakumana nanu panjira.

Pakhonde pakadali telala ndi makina ake a Singer opalasa ndi phazi, ndipo iyeyu ndi gawo la sitoloyi ngakhale amadziimira payekha. Kale munthu ankagula nsalu ya David Whitehead mkatimo, n'kutuluka nayo pakhonde kuti ayezedwe, ndipo diresi kapena malaya ankatha tsiku la msika lotsatira. Kaunjika anapha mbali yaikulu ya ntchito imeneyi, moti lero telalayo amadalira mayunifolomu a sukulu, zovala za amayi a mvano ndi makwaya, ndi kuchepetsa kapena kuika zigamba pa zovala za kaunjika zomwezo. Ntchito yake ndi yaukhondo, misoko yake simasuka, koma lonjezo lake la tsiku muziliwonjezera masiku ena, makamaka sukulu zikamatsegulidwa. Zitenje zimene zili m'sitolomo n'zosankhidwa bwino ngakhale n'zochepa, ndipo mayi a pakhomopo amakuuzani mosabisa chitenje chimene chimasuluka pochapa. Akamadula nsalu amayeza pandodo ija kawiri, wogula akuona, kenaka amasiya kachidutswa ka chala chimodzi kupitirira muyezo asanalowetse sizasi.

Ogula ambiri a tsiku la msika amachokera tsidya la Mozambique, m'dera la Angónia, ndipo amalankhula Chichewa chomwechi. Ena mwa iwo anadziwana ndi mwini sitoloyi pa nthawi ya nkhondo ya m'dziko lawo, pamene Malawi inasunga anthu othawa kwawo oposa 1 miliyoni ndipo midzi ya Dedza ndi Ntcheu inadzaza ndi alendo, mpaka mtendere utabwera mu 1992. Atabwerera kwawo sanasiye kugula muno, ndipo ena ali ndi masamba awo m'kope lija ngakhale akukhala dziko lina kumene mwini sitolo sangawatsatire atakana kulipira. Ndinamumva akulonjera bambo wina wa tsidyalo kuti "achimwene", n'kumufunsa za mwana amene anabadwira kuno pa nthawi imeneyo, yemwe tsopano ali ndi banja lake.

Ana a mwini sitoloyi anaphunzira ndipo ali pantchito m'tauni, ndipo palibe amene akuonetsa chidwi chodzaima kuseri kwa kauntala. Mdzukulu amene amathandiza pa tchuthi ndi wachangu powerengera ndipo wakhala akuwakakamiza agogo ake kuti ayambe kulandira ndalama za pafoni ndi kulemba mitengo pamashelefu, zomwe ndikuona kuti zingathandize popanda kuwononga kanthu. Koma mnyamatayo sadziwa kuti tsamba lililonse la m'kope ndi la yani, ndani amalipira akakumba kachewere ndipo ndani ayenera kukumbutsidwa mofatsa, ndipo zimenezi sizilembedwa pena paliponse koma m'mutu mwa agogo akewo.

Kwa amene akufuna kugula zambiri za mwezi wathunthu pamtengo wotsika, masitolo opikulitsa a pamsikapo kapena a pa boma la Dedza ndi Ntcheu ndiwo oyenera. Koma pa khasu, poto, loko, misomali, zipangizo za njinga, bulangete ndi chitenje, zinthu zimene munthu amagula kamodzi n'kukhala nazo zaka, ndimalangiza sitolo ino mosakayika, chifukwa malangizo amene mumalandira amaposa kandalama kamene mwawonjezera. Pitani m'mawa tsiku limene si la msika ngati mukufuna kufunsa mafunso modekha, tengani ndalama m'manja, ndipo musafike masana enieni chifukwa amatseka kuti akadye nsima. Lamulungu satsegula, kupatula pakagwa maliro.